Kampira ka Kaboni Padzuŵa: Ndi Mankhwala Kapena Ndi Chiphe?

Masiku apitaŵa mnyamata wina amene ndidamphunzitsa, yemwe adatsiriza Fomu 4 ndipo akudikira mwayi wa ntchito, adafika kwathu ndi funso. Adandionetsa pafoni yake chilengezo cha malonda chochokera kunja: kabotolo ka mafuta a olivi ofiirira, amene ogulitsawo akuti adasungunuliramo chinthu chotchedwa C60. Chilengezocho chimati supuni imodzi patsiku imachedwetsa ukalamba, ndi kuti akatswiri a sayansi adatsimikiza zimenezi pa makoswe. Mnyamatayo adati, "Aphunzitsi, agogo akudwaladwala masiku ano. Kodi ndisonkhe ndalama ndiŵaitanitsire?" Ndidamuyankha kuti asatero. Koma popeza yankho lopanda chifukwa silisiyana ndi lamulo, ndipo lamulo wophunzira amaliiŵala akangotuluka pakhomo, ndaganiza zolongosola chifukwacho muno, kuti ena amene ali ndi funso lomweli apindule nawo.

Ganizo langa ndi ili: dzina la chinthu silingatiuze ngati chinthucho ndi mankhwala kapena ndi chiphe. Tiyenera kufunsa kuti chakhala pati, chayandikana ndi chiyani, ndiponso ngati chili poŵala kapena mumdima. Pa zonse zimene ndidaŵerengapo, palibe chimene chimaphunzitsa mfundo imeneyi momveka kuposa kampira ka kaboni kakaikidwa m'kati mwa nembanemba ya mafuta yopangidwa ndi anthu, n'kukaunikira. Nkhaniyi ikuoneka yakutali, koma pirirani nane, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kampirako n'kotani?

Kaboni si mlendo kwa ife. Makala a m'mbaula ndi kaboni, mwaye wa kudenga la khitchini ndi kaboni, chakuda chija cha m'kati mwa pensulo, chimene dzina lake ndi graphite, ndi kaboni, ndipo dayamondi wa ku Botswana ndi kaboni yemweyo. Kusiyana kwake kwagona pa mmene maatomu alumikizirana. Mu September 1985, pa Rice University mumzinda wa Houston ku America, Harold Kroto wochokera ku University of Sussex ku Mangalande, pamodzi ndi Richard Smalley, Robert Curl ndi ophunzira awo, adali kuwomba graphite ndi kuŵala kwamphamvu kwa laser. Cholinga chawo chidali kutsanzira zimene zimachitika pafupi ndi nyenyezi zokalamba, kumene kaboni amafuka ngati utsi. Makina awo oyezera adaonetsa mobwerezabwereza kuti gulu la maatomu 60 lidali kuchuluka kuposa magulu ena onse. Adadzifunsa kuti: chapadera n'chiyani pa 60?

Yankho lili pabwalo la mpira. Tengani mpira wachikopa wa mtundu uja udatchuka pa mpikisano wa dziko lonse ku Mexico mu 1970, wa zigamba zakuda ndi zoyera. Zakuda, za ngodya zisanu, zilipo 12. Zoyera, za ngodya zisanu ndi imodzi, zilipo 20. Malo amene misoko itatu imakumana alipo 60. Ikani atomu ya kaboni pamalo aliwonse oterewo, ndipo mwapanga C60. Adaitcha buckminsterfullerene pokumbukira Buckminster Fuller, mmisiri wa nyumba zozungulira ngati chipanda, monga ija idamangidwa ku Montreal mu 1967. Banja lonse la timipira totere limatchedwa fullerene. Kali ndi mbale wake, C70, wotalikirako ngati mpira wa rugby. Kroto, Curl ndi Smalley adalandira mphoto ya Nobel mu 1996. Komabe tisaiŵale kuti Eiji Osawa wa ku Japan adali atalosera kale za kampira kameneka mu 1970, koma popeza adalemba m'Chijapani, akatswiri a maiko ena sadazione.

Kwa zaka zisanu timipirati tidali kupezeka tochepa kwambiri, tosakwana kuti munthu n'kutiona ndi maso. Mu 1990 Wolfgang Krätschmer wa ku Heidelberg ndi Donald Huffman wa ku Arizona adapeza njira yotitulutsa mumwaye wa graphite wotenthedwa ndi magetsi, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wokhala ndi chipinda choyesera adatha kutigwira. Khalidwe limodzi la timipirati ndilo tsinde la nkhani yathu: m'madzi sitisungunuka, koma m'mafuta timasungunuka. Choncho tikaloŵa m'thupi la chamoyo, kumene madzi ndiwo ochuluka, timafunafuna pamene pali mafuta. Malo amafuta amene ali ponseponse m'thupi ndiwo nembanemba zokuta maselo.

Mpanda wa selo

Selo lililonse, la munthu, la chimanga kapena la kachilombo ka malungo, ndi lokutidwa ndi nembanemba yopyapyala. Mamolekyulu a mafuta omanga nembanembayi ali ndi mutu wokonda madzi ndi michira iŵiri yothaŵa madzi. Motero amandanda mizere iŵiri, mitu kunja, michira itayang'anana pakati. Adayamba kuganizira za mizere iŵiriyi ndi Gorter ndi Grendel a ku Holland mu 1925, atayeza mafuta a m'maselo ofiira a magazi. Kuchindikala kwa nembanemba yotere ndi pafupifupi mananomita 5. Nanomita imodzi ndiyo milimita itagaŵidwa kamiliyoni. Kuti mufike pa kuchindikala kwa pepala limodzi la m'kope, mungasanjikize nembanemba pafupifupi 20,000. Kampira kathu ndi ka nanomita imodzi, ndiye kuti kamakwana bwinobwino pakati pa michira ija, monga nthanga m'kati mwa dzungu.

Tsono nembanemba ya selo lamoyo ili ngati msika patsiku la Loŵeruka: muli mapuloteni a mitundumitundu, ena akuloŵetsa, ena akutulutsa, ena akukonza zowonongeka. Munthu wofuna kudziŵa ntchito ya chinthu chimodzi amasokonezeka ndi phokoso la zinzake. N'chifukwa chake akatswiri adaganiza zomanga nembanemba yawoyawo, yopanda china chilichonse koma chimene iwo aikamo. Mu 1962, ku Philadelphia, Paul Mueller, Donald Rudin, H. Ti Tien ndi William Wescott adatenga kabokosi ka zipinda ziŵiri zodzaza ndi madzi a mchere, zolekanitsidwa ndi khoma lokhala ndi kabowo kakang'ono. Pakabowopo adapakapo mafuta otengedwa mu ubongo wa ng'ombe. Mafutawo adayamba kupyapyala, naonetsa mitundu ya utawaleza, ndipo potsiriza adada bii. Kuda kumeneko sikutanthauza kuti aphulika. Afika pa mizere iŵiri yokha, ndipo kuŵala kobwerera kuchokera kumaso ndi kobwerera kuchokera kumbuyo kwa nembanembayo kumafafanizana. Akaviika waya m'chipinda chilichonse, amatha kuyeza magetsi alionse odutsa pampandapo.

M'zaka zomwezo Alec Bangham, pa Babraham pafupi ndi Cambridge, adaona kuti mafuta a mtundu womwewu akatakasidwa m'madzi amadzipinda okha kukhala timatumba totsekeka, madzi m'kati, madzi kunja. Timatumba timeneti ndito timatchedwa liposome. Choncho akatswiri ali ndi zida ziŵiri: mpanda woongoka woyezerapo magetsi, ndi kathumba kozungulira konyamuliramo zinthu.

Kuŵala kukafika

Tiyerekeze tsopano kuti kampira kakhala phee pakati pa nembanemba, ndipo wina wayatsa nyale. Kampirako kakameza kachigawo ka kuŵala, kamatekeseka: mphamvu imene kalandira imakweza elekitironi imodzi kuchoka pamalo pake. Kutekeseka koyambaku sikukhalitsa, kumatha pafupifupi m'gawo limodzi la sekondi itagaŵidwa kabiliyoni. Mamolekyulu ambiri amataya mphamvuyo pomwepo ngati kutentha, nabwerera mwakale. Koma fullerene pafupifupi nthaŵi zonse imagwera mumkhalidwe wachiŵiri, umene akatswiri amautcha triplet, ndipo umenewu umakhalitsa kuŵirikiza zikwi zambiri kuposa woyamba uja. Kwa ife ndi kuphethira kwa diso, koma kwa molekyulu ndi nthaŵi yokwanira kukumana ndi mnansi ndi kuchita naye malonda. Malondawo ali panjira ziŵiri, ndipo amene amasankha njira ndi mnansiyo.

Njira yoyamba ndi ya maelekitironi. Fullerene ili ndi njala ya maelekitironi ngakhale mumdima: mu 1992 kudaonetsedwa kuti C60 imodzi itha kulandira mpaka asanu ndi imodzi, n'kuŵabwezanso osawonongeka. Ikatekeseka ndi kuŵala, njalayo imakula. Kuo Chu Hwang ndi David Mauzerall a pa Rockefeller University ku New York adagwiritsa ntchito khalidwe limeneli. Mu 1992 adaonetsa kuti timipira tounikiridwa m'nembanemba timalanda maelekitironi kwa ascorbate, amene ndi vitamini C yemwe uja wa m'malalanje ndi m'malambe. Mu 1993 adalengeza kuti C70 imatha kulandira elekitironi kumbali imodzi ya nembanemba n'kuifikitsa kwa wolandira wa kumbali inayo, kotero kuti waya uja adaonetsa magetsi akuyenda nyale ili chiyakire. Mafuta paokha salola magetsi kudutsa. Timipirato tidasanduka miyala yopondapo powoloka mtsinje. Magetsiwo adaposa pafupifupi ka 40 a njira yopangidwa ndi anthu imene idali patsogolo nthaŵi imeneyo, ngakhale kuti pa tizigawo 100 ta kuŵala timene tidamezedwa, pafupifupi 4 tokha ndito tidawolotsa elekitironi.

Wina angafunse kuti phindu la kuwolotsa elekitironi pa kampanda kosaoneka n'chiyani. Yankho ndi lakuti moyo wonse wa padziko umadalira ntchito imeneyi. M'tsamba la chimanga, kuŵala kwa dzuŵa kumakankha maelekitironi kuwoloka nembanemba, ndipo mbali imodzi imadzaza pamene inayo ikuchepa, monga madzi osungidwa kuseri kwa damu. Selo limatsegula kachipata, n'kugwiritsa ntchito mphamvu ya kusefukirako kupanga ATP, ndalama imene maselo onse amagulira ntchito zawo. Peter Mitchell wa ku Mangalande adafotokoza zimenezi mu 1961. Ambiri adamkana kwa zaka, koma adalandira mphoto ya Nobel mu 1978. Choncho munthu woika fullerene m'nembanemba n'kuiunikira akuyesa kumanga tsamba ndi manja ake, kuti amvetse mmene tsamba lenileni limagwirira ntchito, ndiponso kuti mwina tsiku lina adzakolole dzuŵa monga momwe mbewu zimachitira.

Njira yachiŵiri ndi ya okosijeni, ndipo apa m'pamene pali ngozi. Mpweya wa okosijeni umasungunuka bwino m'mafuta, motero m'nembanemba sumasoŵa. Kampira kotekeseka kakagundana ndi okosijeni, kamampatsira mphamvu yake yonse, ikoko n'kubwerera mwakale, kokonzeka kumezanso kuŵala kwina. Okosijeni wolandira mphamvuyo amasanduka wolusa. Akatswiri amamutcha singlet oxygen. Mu 1991 gulu la Christopher Foote ku Los Angeles lidayeza ndi kupeza kuti pafupifupi kachigawo kalikonse ka kuŵala kamene C60 yameza kamabala okosijeni wolusa mmodzi. Ameneyu sakhala moyo nthaŵi yaitali: m'madzi amazirala m'magawo atatu kapena anayi a sekondi itagaŵidwa kamiliyoni. Sapita kutali, amaluma chimene chili pafupi. Tsono chimene chili pafupi ndi kampira kokhala m'nembanemba ndi michira ya mafuta ija. Imathyoka, mpanda umabooka, za m'kati zimatayika, ndipo ngati ndi selo lamoyo, limafa. Mayi aliyense amene adaiŵala botolo la mafuta ophikira pawindo kwa milungu ingapo, napeza atasintha fungo ndi kuŵaŵa pakhosi, adalaŵako chipatso cha ntchito ya mtundu womwewu.

Kupha kumeneku madokotala amakufuna kukakhala kolunjika. Mu 1900 Oscar Raab, wophunzira wa ku Munich, adaona kuti tizilombo ta m'madzi toikidwa mu utoto wotchedwa acridine timafa msanga poŵala koma timapirira mumdima. Mu 1913 dokotala wina wa ku Germany, Friedrich Meyer-Betz, adalengeza zimene zidamchitikira atadzibaya yekha mamiligalamu 200 a haematoporphyrin n'kutuluka padzuŵa: nkhope ndi manja zidatupa, ndipo adakhala milungu yambiri akuopa dzuŵa. Pa maziko ameneŵa padamangidwa njira yochizira khansa zina popereka mankhwala otere n'kuunikira chotupa chokha, ndipo Photofrin, mankhwala oyamba a mtunduwu, adaloledwa ku Canada mu 1993. M'chaka chomwecho Eiichi Nakamura ndi anzake ku Japan adaonetsa kuti fullerene yosinthidwa kuti isungunuke m'madzi imadula DNA ndi kupha maselo a khansa a m'mbale ikaunikiridwa, koma mumdima sichita zimenezi. Pambuyo pake akatswiri ena a ku Japan komweko adalonga C60 ndi C70 m'timatumba ta liposome, napeza kuti timatumba ta C70 timapha kwambiri, popeza C70 imameza bwino kuŵala kooneka ndi maso. Vuto limodzi lalikulu lilipobe: kuŵala kumene kumaloŵa m'kati mwa mnofu ndi kofiira, ndipo C60 imameza kofiirako pang'ono chabe.

Tsopano zimitsani nyale. Mu 1991 akatswiri a kampani ya DuPont adaonetsa kuti C60 imodzi imatha kugwira tizidutswa tambirimbiri tolusa ta mamolekyulu, timene timatchedwa free radicals, n'kutimanga pathupi pake. Timeneti ndito timawononga mafuta a m'thupi, choncho kampira kadatchuka ngati chinkhupule chotiyamwa. Taonani tsono: kampira kamodzimodzi, m'nembanemba imodzimodzi, mumdima katha kuteteza mafuta, poŵala pali okosijeni kamaŵawonongetsa, ndipo poŵala pali vitamini C kamanyamula magetsi. Ngakhale kuchuluka kwake kumasintha zinthu, pakuti timipira tikaunjikana pamodzi timazimitsana tokhatokha, ndipo okosijeni wolusa amachepa. Munthu wofunsa kuti "Kodi C60 ndi yabwino?" wafunsa funso lopanda miyendo. Zili ngati kufunsa ngati moto ndi wabwino osanena kuti uli pamafuwa kapena padenga.

Za kabotolo kaja

Tibwerere kwa mnyamata wanga. Ogulitsa aja sadapeke nkhani ya makoswe. Mu 2012 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Fathi Moussa ku Paris lidalengeza kuti makoswe omwetsedwa C60 ya m'mafuta a olivi adakhala moyo pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri kuposa anzawo omwetsedwa madzi. Koma gulu lililonse lidali ndi makoswe asanu ndi mmodzi okha. Malonda adayamba pomwepo, osadikira kuti wina abwereze ntchitoyo. Mu 2021 mudatuluka lipoti la akatswiri a ku America amene adayesa pa mbeŵa zoŵetedwa m'nyumba zoyesera. Adapeza zinthu zitatu. Mbeŵazo sizidatalikitse moyo. Mabotolo ogulidwa kwa amalonda osiyanasiyana adali osiyana maonekedwe, kuchuluka kwa C60 ndiponso zonyansa za m'kati. Chachitatu, chimene chikugwirizana ndi zonse tafotokozazi: mafutawo atakhala pa kuŵala wamba, konga kwa m'nyumba, adasanduka chiphe chimene chidadwalitsa ndi kupha mbeŵa pasanathe milungu iŵiri. Wodziŵa nkhani ya okosijeni wolusa sangadabwe: kampira, mafuta, mpweya ndi kuŵala zakumana m'botolo limodzi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuti ndisakondere, ndinene kuti mantha nawonso amathamanga kuposa umboni. Mu 2004 Eva Oberdörster ku America adalengeza kuti nsomba zosungidwa m'madzi okhala ndi C60 pang'ono chabe zidawonongeka mafuta a mu ubongo, ndipo nyuzi za maiko ambiri zidafuula. Patapita zaka zoŵerengeka ofufuza ena adaonetsa kuti gawo lalikulu la vutolo lidachokera ku zotsalira za mankhwala amene adasungunulira timipirato, otchedwa THF. Wogulitsa ndi woopseza adalakwa mofanana: onse aŵiri adagwira dzina la chinthu, naiŵala kufunsa za anansi ake.

Zotsutsa ziŵiri

Mphunzitsi mnzanga wa sayansi ya zamoyo angandiuze kuti nembanemba yopanga si selo. Akunena zoona. Ilibe mapuloteni okonza zowonongeka, ilibe vitamini E amene maselo athu amasunga pakati pa michira ya mafuta kuti azimitse zolusa, ilibe chiŵindi kapena impso zochotsa zachilendo. Ndi yofooka, imaphulika m'maola ochepa. Zimene zaoneka pa kabowo ka ku Philadelphia sizitiuza zonse zimene zingachitike m'thupi la agogo. Koma kuchepa kwakeko ndiye mphamvu yake. Popeza mulibe china, magetsi akayenda timadziŵa amene waŵayendetsa. Nembanemba yopanga imayankha funso lakuti "zimachitika bwanji". Funso lakuti "kodi munthu amwe" limayankhidwa ndi kuyesa pa nyama zambiri, kenaka pa anthu ambiri, mosamala ndi mobwereza. Tchimo la amalonda ndilo kulumpha kuchoka pa sitepe yoyamba kukatera pa yomaliza.

Chotsutsa chachiŵiri n'choŵaŵa kuposa choyamba. Wachinyamata wopanda ntchito angati: zaka makumi anayi zapita chipezekere kampiraka, nanga katipatsa chiyani? Ndivomere kuti malonjezo ambiri a zaka za m'ma 1990 sadakwaniritsidwe. Tsamba lopanga silidafike pamsika. Mankhwala a khansa a fullerene akadali m'zipinda zoyesera. Pa zipangizo zapulasitiki zokololera dzuŵa, mbadwa ya C60 yotchedwa PCBM, imene idapangidwa mu 1995, idalamulira pafupifupi zaka makumi aŵiri, kenaka idapitiriridwa ndi mamolekyulu ena omeza bwino kuŵala. Komabe C60 ikugwirabe ntchito yonyamula maelekitironi m'zipangizo zatsopano za perovskite. Amene amalonjeza zodabwitsa chaka chamaŵa ayenera kuchita manyazi.

Koma taganizirani za timatumba ta Bangham. Pamene adali kutiyang'ana m'zaka za m'ma 1960, adali kungofuna kudziŵa khalidwe la mafuta m'madzi. Sadali kuganiza za wodwala wa ku Blantyre. Lero pali mankhwala otchedwa amphotericin B, amphamvu pa nthenda youmitsa khosi ya cryptococcal meningitis imene imapha anthu ambiri okhala ndi HIV, koma oŵaŵa pa impso ndi pa magazi. Akalongedwa m'timatumba ta liposome, kuŵaŵa kwawo kumachepa. Kafukufuku wotchedwa AMBITION, amene adachitika m'zipatala za ku Malaŵi, Botswana, Zimbabwe, South Africa ndi Uganda, adaonetsa kuti mlingo umodzi waukulu wa mankhwala olongedwa motere, pamodzi ndi mapiritsi, umachiza mofanana ndi mankhwala akale a sabata yathunthu, ndipo mavuto ake ndi ochepa. Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2022, ndipo World Health Organization idasintha malangizo ake chaka chomwecho. Kuchokera ku Babraham kufika pabedi la wodwala wathu padapita zaka zoposa makumi asanu. Sindikulonjeza kuti kampira ka kaboni kadzayenda ulendo womwewo. Ndikungoti amene amafesa funso sadziŵa munda umene lidzamere.

Kwa aphunzitsi anzanga

Tili ndi chizoloŵezi chophunzitsa sayansi ngati mndandanda wa maina: ichi ndi asidi, ichi ndi chiphe, ichi ndi vitamini, lowezani. Mwana wophunzitsidwa motere akamva dzina lalitali lachilendo amagwada, ndipo wamalonda amadziŵa zimenezi. Timadandaula kuti sukulu zathu zilibe zipangizo, ndipo dandaulolo ndi loona. Komabe mfundo zazikulu za nkhani ino zitha kuonetsedwa ndi zinthu za pakhomo. Bweretsani mpira wa zigamba m'kalasi, ana aŵerenge okha ngodya 60, misoko 90 ndi zigamba 32. Pindani waya kukhala mphete, muviike m'madzi a sopo, muimike chilili poŵala: adzaona mizere ya mitundu ikutsika, ndipo pamwamba padzada bii kanthaŵi pang'ono thovulo lisanaphulike. Kumeneko ndiko kuda kumene Mueller ndi anzake adaona, ndipo Isaac Newton adakulemba zaka zoposa mazana atatu zapitazo.

Chachitatu ndicho chofunika koposa. Thirani mafuta ophikira pang'ono m'mabotolo aŵiri oyera ofanana. Limodzi mulikulunge ndi pepala lochindikala, linalo likhale lamaliseche, ndipo onse aŵiri muŵaike pawindo limodzi. Pakapita milungu ingapo ana anunkhize. Kenaka afunseni chifukwa chimene botolo lokulungalo sitidalibise m'kabati. Mwana amene adzayankhe kuti tidafuna onse alandire kutentha kofanana, kuti kusiyana kukhale kuŵala kokha, ameneyo wagwira mtima wa sayansi. Sadzanyengedwa ndi makoswe asanu ndi mmodzi.

Ndipo inu amene mwatsiriza sukulu, mayeso anu enieni ayamba tsopano, pakuti foni imene ili m'thumba mwanu imabweretsa malonjezo ambiri patsiku limodzi kuposa amene makolo anu adamva chaka chathunthu. Mukamva kuti sayansi yatsimikiza, funsani kuti adayesa pa chiyani: pa nembanemba, pa maselo a m'mbale, pa nyama kapena pa anthu? Adali angati? Kodi ena osagwirizana ndi ogulitsa adabwereza n'kupeza zomwezo? Ndipo kodi chinthucho chidzakhala chimodzimodzi chikayenda ulendo wautali n'kukhala pashelefu masana onse? Safunsa adadya phula.

Mnyamata uja adamvetsera zonsezi mwaulemu, nafunsa kuti nanga agogo achite nawo chiyani. Ndidamuuza kuti ndalama zimene akadasonkha alipirire ulendo wa kuchipatala, akaŵayeze kuthamanga kwa magazi ndi shuga, ndipo zotsala agule nyemba, usipa ndi zipatso. Adaseka, nati uphungu umenewo ndi wosasangalatsa poyerekeza ndi kampira kochokera ku nyenyezi. Pamenepo sadaname, chifukwa mu 2010 makina oonera kutali otchedwa Spitzer adapezadi C60 ndi C70 mumtambo wa mpweya wozungulira nyenyezi yokalamba, kumene Kroto adayambira funso lake. Ndidamubwereka buku, ndipo adalonjeza kudzalibweza ataŵerenga. M'chigawo chotsatira tidzakamba za tsamba lenilenilo, ndi mmene limadzitetezera ku okosijeni wolusa amene nalonso limabala dzuŵa likakula.